Dzungu la azungu ndi dzungu la amayi

Zaka zitatu zapitazo, m'nyengo yachisanu, amayi anga adabwera kuchokera kwathu ku Ntcheu kudzaona adzukulu awo kuno ku Blantyre. Atalowa m'khitchini adapeza pathebulo pali kanthu kooneka ngati chikho, kakhungu kosalala, kotuwira ngati mchenga wa kunyanja. Adakanyamula, nakagogoda ndi chala monga amachitira akamasankha mavwende, kenaka adafunsa mpongozi wawo kuti kameneka n'chiyani. Atauzidwa kuti ndi butternut, dzungu la m'sitolo, za dzinalo sadalimbane nazo. Adafunsa mtengo. Ataumva adakhala pampando n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Ndiye kuti ana inu mwafika pogula dzungu? Dzungu lomwe lija kwathu likachuluka timaponyera nkhumba?"

Ine ndidayesa kudziteteza. Ndidati ili ndi lina amayi, ili ndi la azungu, lili ndi mavitamini. Iwo adangoti, "Dzungu la mzungu eti," nabwereza kawiri konse, poti mawuwo amakoma pakamwa. Kenaka adati lathu ndiye la makolo, silifuna ndalama, limangomera lokha padzala.

Kuseka kumeneko n'kumene kudandituma kukawerenga mbiri ya maungu. Zimene ndidapeza zidatigwetsa tonse awiri, ine ndi amayi omwe. Dzungu la m'sitololo si la azungu monga ndinkanenera ine, ndipo dzungu la kumudzi silidayambire m'dziko muno monga ankanenera iwo.

Tiyambe ndi mfundo yovuta kumeza. Maungu onse amene timadya, aakulu ndi aang'ono omwe, kwawo ndi ku America. Akatswiri a zomera amawaika m'banja lotchedwa Cucurbita, ndipo banja lonseli lidamera kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. M'phanga lina lotchedwa Guilá Naquitz, m'chigawo cha Oaxaca ku Mexico, ofukula zakale adapeza nthanga ndi makoko a maungu. Mu 1997 katswiri wina, Bruce Smith, ataziyeza adapeza kuti zina mwa izo zidakhala zaka pafupifupi 10,000, komanso kuti zidali za maungu olimidwa ndi anthu osati a m'tchire. Ndiye kuti kumeneko dzungu lidalowa m'munda chimanga chisanalowe. Maungu a m'tchire ndi ang'onoang'ono ndiponso owawa zedi, choncho akatswiri ambiri amaganiza kuti anthu oyambawo chimene ankafuna ndi nthanga, zomwe zili ndi mafuta. Chaka ndi chaka ankasunga mbewu ya dzungu lomwe silidawawe kwambiri, mpaka patapita mibadwo yosawerengeka mnofu wake udayamba kutsekemera.

Maungu a m'phanga lija adali a mtundu wotchedwa Cucurbita pepo. Butternut ndi wa mtundu wina, Cucurbita moschata, womwe umakonda malo otentha ndi achinyezi, ndipo zotsalira zake zakalekale zidapezeka ku Peru ndi madera ena a kumeneko. Musunge dzina limeneli, moschata, chifukwa tikumana nalonso kuseri kwa nkhokwe ya amayi.

Chimene chidandikhudza kwambiri ndi kalimidwe ka eni ake a mbewuzi. Kuyambira ku Mexico mpaka kumpoto, kwa anthu otchedwa Iroquois, ankadzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, ndipo a Iroquois ankati mbewu zitatuzi ndi pachibale, ana aakazi atatu a mimba imodzi. Nyemba zimakwera phesi la chimanga ndipo zimawonjezera chonde m'nthaka. Dzungu limayanga pansi, masamba ake aakuluwo amaphimba dothi kuti chinyezi chisathawe ndiponso kuti udzu usamere. Powerenga zimenezi ndinkaona munda wa amayi ndili mwana. Ndi womwewo ndithu, kungoti ife tinkawonjezeramo khobwe ndi mphonda.

Nanga zidafika bwanji kuno? Christopher Columbus adafika ku America mu 1492. Mu 1498 Vasco da Gama adaima pachilumba cha Mozambique paulendo wake wa ku India, ndipo pofika zaka za m'ma 1530 Apwitikizi adali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi. Apwitikizi omwewo adalinso ku Brazil. Zombo zawo zinkazungulira pakati pa maiko amenewa zitanyamula anthu, katundu ndi mbewu. Amaravi ankagulitsa minyanga ya njovu, zitsulo ndi nsalu zathonje kumisika ya ku Zambezi, ndipo panalinso njira za amalonda a Chiswahili ndi Chiyao zochokera kugombe la kum'mawa. Mbewu ndi katundu wopepuka. Imayenda m'thumba la wamtengatenga, pamfundo ya chitenje cha mkazi wokwatiwa kutali, mudzi uno n'kupatsira mudzi winawo. Ngakhale dzina loti chimanga, olemba mbiri ena amati limaloza kugombe kumene mbewuyo idachokera.

Tawerengani nokha alendo amene adabwera mwa njira imeneyi: chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba, tomato, tsabola, fodya, mapapaya, chinanazi, ndi maungu. Za kuno kwathu ku Africa ndi monga mapira, mawere, khobwe, nzama, mavwende ndi mphonda zija timapangira zikho ndi zipanda. Tsono ganizirani mbale imene aliyense wa ife angalumbire kuti ndi ya makolo, nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera wothira katomato. Chimanga n'cha ku America, nkhwani ndi wa ku America, nsinjiro n'za ku America, tomato chimodzimodzi. Chathu chenicheni m'mbalemo ndi mchere, madzi ndi dzanja la wophika. Nditawauza amayi zimenezi adandiyang'ana ngati ndatukwana manda.

Koma dzanja la wophikalo si kanthu kakang'ono. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo makolo athu kalumoko adakalandira n'kukanola mwa njira yawo. Dzungu lidapeza anthu odziwa kale kulima mbewu zoyanga monga mphonda ndi mavwende, choncho silidavutike kupeza malo. Pamene David Livingstone ankayenda m'mapiri a Shire mu 1859, adapeza maungu ali kale m'minda ya Amang'anja pamodzi ndi mapira, nyemba, mtedza, chinangwa, mbatata ndi fodya, ndipo adalemba zimenezi m'buku la ulendo wake wa ku Zambezi lomwe lidatuluka mu 1865. Palibe Mmang'anja amene akadamuuza nthawi imeneyo kuti dzungu ndi mlendo.

Kuno dzungu tidaligwiritsa ntchito kuposa mmene Azungu ambiri amachitira mpaka lero. Iwo amadya chipatso chokha. Ife mvula ikangogwa, pakatha masabata ochepa, amayi amayamba kuthyola nsonga ndi masamba anthete. Amakhala pamphasa n'kumasadzula nkhwani, kuchotsa timitsitsi toyabwa tija, ntchito yomwe mwana wamkazi ankaiphunzira asanadziwe kupeta. Kenaka pamabwera chiluwe. Dzungu limatulutsa maluwa aamuna ndi aakazi pamtengo umodzi, ndipo mayi wa kumudzi sadapite kusukulu ya zaulimi koma amadziwa kuti duwa lokhala ndi kadzungu kunsi salithyola, amathyola lopanda kanthulo. Masamba akachuluka amawafutsa, kuwayanika, n'kuwamanga m'zikwatu za masamba a msuku kuti mfutsowo udzathandize m'chilimwe ndiwo zikadzasowa. Nthanga amakazinga ndi kamchere, kapena kuzisinja n'kutendera ndiwo mtedza ukasowa. Chipatso chenichenicho chimayamba kupsa mu Febuluwale ndi Malichi, miyezi imene nkhokwe imakhala itagona chagada ndipo chimanga cha m'munda chisanakhwime.

Apa ndiye pagona nkhani. Dzungu kwathu kuno lakhala chakudya cha pakati pa njala ndi dzinthu. Amene adaona chaka cha 2002 sadzafuna kuuzidwa. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, mitengo pamsika idakwera mosaneneka, ndipo kumapeto kwa Febuluwale pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pangozi. Ine ndidapita kumudzi mwezi womwewo ndi kathumba ka ufa komwe sikadathe sabata. Ndidapeza anthu akudya mizu ya nthochi ndi gaga. Pakhomo pa amayi panali ana asanu ndi mmodzi, ena a malemu mlongo wanga, ndipo chomwe chinkalowa m'kamwa mwawo kawiri patsiku chidali maungu anthete ophika pamodzi ndi masamba ake. Sankakhuta, miyendo idawonda, koma onse asanu ndi mmodzi alipo lero, ena ali ndi mabanja awo. Usiku amayi ankagona kumunda ndi mchimwene wawo kulondera, osati chimanga chokha komanso maungu omwe aja amati n'chakudya cha nkhumba.

Mwina n'chifukwa chake ambiri a ife tikafika m'tauni dzungu timalithawa. Limatikumbutsa Febuluwale. Munthu wa pantchito kumupatsa dzungu m'mawa amaona ngati wamunyoza, afuna buledi ndi majarini. Komanso dzungu silidakhalepo ndi mwayi pamaso pa aboma. Atsamunda atakhwimitsa malamulo a malimidwe chitatha chaka cha 1946, nkhani idali ya mizere, migula ndi kuzula mapesi a thonje ndi fodya. M'nthawi ya Dr Banda ulemu udali wa achikumbe a chimanga chahaibulidi ndi fodya. Ndikukumbuka mlangizi wina akuyenda m'munda mwathu ndi kabuku m'manja, akudandaula kuti munda wa mbewu zosakaniza ndi wauve, chimanga chimafuna kukhala chokha. Amayi ankavomera mwaulemu, "Tamva achimwene," njinga yake ikangokhota iwo n'kutulutsa nthanga za maungu pamfundo ya chitenje. Dzungu idali mbewu ya amayi, yosalembedwa m'kaundula, yopanda ngongole ya feteleza, yopanda msika wa boma. Omwe adaliona ndi maso aulemu adali ochepa, monga Jessie Williamson, yemwe adagwira nawo kafukufuku wa kadyedwe ka anthu a m'Nyasaland wotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt mu 1938 ndi 1939, ndipo pambuyo pake adalemba buku la zomera zothandiza za dziko lino lomwe lidatuluka mu 1955.

Tsono tibwerere kukadzungu kotuwira kaja. Pamene moschata wina ankawoloka nyanja kubwera kuno, wina adakwera chakumpoto m'manja mwa eni dziko la America mpaka kufika kudera lomwe lero likutchedwa New England. Angerezi atafika kumeneko adapeza anthu akulima maungu osiyanasiyana, ndipo ngakhale dzina loti squash adabwereka kuchiyankhulo cha a Narragansett, ku mawu oti askutasquash, omwe Roger Williams adawalemba m'buku lake la mu 1643. Kwa zaka zambiri alimi a kumeneko ankalima dzungu la khosi lalitali lopindika ngati la tsekwe. Lidali lokoma ndipo linkasungika nyengo yonse yozizira, koma kwa wamalonda lidali mutu wopweteka: silinkalongedzeka bwino m'bokosi ndipo khosilo linkathyoka panjira.

Butternut ndi dzungu lomwelo atalifupikitsa khosi n'kuliwongola. Za amene adayamba pali nkhani ziwiri. Ina imati kampani ina yogulitsa mbewu ku Boston idali ikugulitsa kale dzungu la dzina limeneli m'zaka za m'ma 1930. Ina, yomwe imakambidwa kwambiri, imatchula Charles Leggett wa m'tauni ya Stow ku Massachusetts, yemwe m'zaka za m'ma 1940 ankakwatitsa maungu pamunda wake kufuna lapakatikati, losakula kwambiri ndiponso losavuta kusenda. Akuti dzinalo adalipereka ponena kuti mnofu wake ndi wosalala ngati batala ndiponso wokoma ngati mtedza. Chomwe sichikanidwa n'choti akatswiri a pamalo ofufuzira zaulimi a Waltham, m'chigawo chomwecho, adaikonza mbewuyo kuti izibala zipatso zofanana, ndipo mu 1970 mtundu wotchedwa Waltham Butternut udapata mphotho ya All-America Selections. Mpaka lero mukagula kapaketi ka mbewu ya butternut, kawirikawiri dzina limeneli mulipeza.

Ndiye mwaona. Dzina ndi la Chingerezi, maonekedwe adakonzedwa ku Massachusetts kuti akomere sitolo ndi banja laling'ono la m'tauni, koma magazi ake ndi a moschata, mtundu womwewo wa maungu ambiri a m'minda ya kumadera otentha a Africa, kuphatikizapo ambiri a kwathu kuno. Ndi pachibale, wina adadzera ku Zambezi zaka mazana angapo zapitazo, wina adadzera m'sitolo dzana lomweli. Ku South Africa butternut adamulandira ndi manja awiri: amapanga supu, amamuotcha pamakala atamukulunga m'pepala la chitsulo pambali pa nyama. Ambiri a ife tidayamba kumuona m'masitolo akuluakulu ndi m'mahotela, koma tsopano alimi a m'madimba akumulima, ndipo mukamayenda pamsewu wa Blantyre ndi Lilongwe mumamuona ataunjikidwa pambali pa kabichi ndi kachewere.

Nanga za mavitamini ndinkanamizira zija? Pamenepo pokha sindidaname, ngakhale ndinkangolankhula za m'maluwa.

Mtundu wachikasu chodera ngati lalanje wa mnofu wa butternut umachokera ku chinthu chotchedwa beta-carotene, chomwe thupi limachisandutsa vitamini A. Vitamini ameneyu adadziwika mu 1913, pamene Elmer McCollum ndi Marguerite Davis ku Wisconsin adapeza kuti m'batala ndi m'chikasu cha dzira muli kanthu kena komwe makoswe awo sankakula popanda iko. Cha m'ma 1930 Thomas Moore ku Cambridge adaonetsa kuti carotene wa m'zomera amasanduka vitamini yemweyo m'thupi. Ntchito yake ndi yosamalira maso, khungu, ndi chitetezo cha thupi. Mwana akamusowa amayamba kusaona bwino kukangoda, amapunthwa madzulo anzake akuthamanga, ndipo zikapitirira diso limauma mpaka kuchita khungu. Choopsa china chidadziwika m'zaka za m'ma 1980, pamene Alfred Sommer ndi anzake ku Indonesia adapeza kuti kupatsa ana vitamini A kudachepetsa imfa zawo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa mwana wosowa vitaminiyu chikuku ndi kutsekula m'mimba zimamugonjetsa msanga.

Imeneyi si nkhani ya ku Indonesia kokha. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2001 adapeza kuti ana 59 mwa 100 alionse osafika msinkhu wa sukulu m'Malawi muno ankasowa vitamini A. Taganizani, m'dziko la maungu, mango, mapapaya ndi nkhwani! Mu 2009 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 22, ndipo pakafukufuku wa 2015 ndi 2016 chidali pafupifupi 4. Zidatheka ndi timakapisozi ta kusikelo, shuga ndi mafuta ophikira othiridwa vitamini A, komanso mbatata yofiira m'kati monga Zondeni. Vutolo lidachepa kwambiri, ndipo tsopano akatswiri ena akuchenjeza kuti ana ena angamalandire vitaminiyu mopitirira muyeso kuchokera m'makapisozi ndi zakudya zothiridwa. Ubwino wa dzungu pamenepa ndi woti thupi limasandutsa carotene molingana ndi mmene likufunira. Mwana wodya maungu ambiri zikhatho zimatha kuoneka zachikasu, koma si matenda, zimatha zokha.

Pamagalamu 100 a butternut wosaphika, kachidutswa kokwana m'dzanja, mumapezeka vitamini A wokwana mamaikulogalamu pafupifupi 530, pamene mwana wa zaka 4 mpaka 8 amafuna 400 patsiku, mayi 700 ndipo bambo 900. Mulinso mamiligalamu pafupifupi 20 a vitamini C, potaziyamu woposa mamiligalamu 300 yemwe amathandiza pa kuthamanga kwa magazi, ndi timitsitsi tothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Apa butternut amaposadi maungu ena a kumudzi, makamaka aja a mnofu wotuwa ndi wamadzimadzi. Lamulo lake ndi losavuta: mnofu ukadera kwambiri, carotene ndiye wambiri. Dzungu la kumudzi lofiirira bwino m'kati silichepa kwa butternut, ndipo masamba obiriwira a nkhwani nawo ali ndi carotene wambiri, kungoti kubiriwirako kumamubisa.

Koma pali chinsinsi chimene amayi ankachidziwa osadziwa kuti akuchidziwa. Carotene amayenda ndi mafuta. Mukadya dzungu lophika m'madzi okha, wambiri amangodutsa m'thupi. Mukathira nsinjiro kapena kamafuta pang'ono, thupi limatenga wochuluka. Ndiye kuti futali wa maungu ndi nkhwani wotendera, zomwe makolo adazipeza pofuna kukometsa pakamwa, n'zomwenso katswiri wa zakudya angakulembereni lero. Chomwe katswiriyo angakangane ndi amayi ndi chidulo kapena soda. Zimafewetsa masamba msanga n'kusunga nkhuni, inde, koma zimaononga vitamini C ndi mavitamini ena. Nkhwani wanthete safuna soda.

Tisakokomezenso ayi. Masiku ano kuli anthu amene chakudya chilichonse amachisandutsa mankhwala, mawa mudzamva kuti butternut amachiza shuga ndi khansa. Sachiza. Ndi chakudya chabwino, basi. Ndiponso dzungu si nsima. Magalamu 100 a butternut ali ndi makalori pafupifupi 45 ndi galamu imodzi yokha ya zomanga thupi, pamene ufa wachimanga wolemera chimodzimodzi uli ndi makalori oposa 350. N'chifukwa chake ana aja a mu 2002 adapulumuka koma adawonda. Kwa bwana wa muofesi amene dokotala wamuuza kuti achepetse mimba, kuchepa kwa makaloriku ndi mwayi. Kwa mwana wa zaka ziwiri ndi chenjezo: phala la dzungu lokha silikwanira, muikemo ufa, nsinjiro, soya kapena usipa wosinja. Ndipo nthanga zija ambiri m'tauni timataya kudzala n'zimene zili ndi zomanga thupi zochuluka, mafuta, ayironi ndi zinki, mchere womwe kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti Amalawi pafupifupi 6 mwa 10 alionse ankausowa.

Kukhitchini butternut ndi wofatsa. Nthanga zake zonse zili kumimba, khosi lonselo ndi mnofu wokhawokha. Khungu ndi lopyapyala, mpeni wamba umasenda, ndipo mukamuotcha khungulo limafewa mpaka kudyeka. Akazi anga amamudula pakati m'litali, kuchotsa nthanga, kupaka mafuta ndi mchere, n'kumuika mu uvuni mpaka m'mbali mutayamba kuderako, poti pamenepo shuga wake ndiye amamveka. Magetsi akathima, zomwe sizifuna kufotokozera, mbaula imagwira ntchito yomweyo pamoto wapang'onopang'ono. Supu yake ndi yachidule: anyezi wokazinga, zidutswa za butternut, madzi ongokwanira kumiza, kajinja kapena kabinzali, zikapsa n'kuzipota ndi mthiko. Amalowanso bwino mu nyemba ndi mu nkhuku, kumene amakhwimitsa msuzi. Pogula sankhani wolemera m'dzanja, wa khungu lolimba losanyezimira, wokhala ndi kaphesi kake. Wotero mukamuika pamalo ouma ndi ozizira amakhala miyezi iwiri kapena itatu osafuna firiji.

Tsiku lachitatu la ulendo wawo amayi adalanda khitchini. Adati za uvunizo n'zanu, ine ndiphika mmene ndidziwira. Adasenda butternut uja, namuduladula, namuika mumphika ndi madzi a m'kapu imodzi yokha. Atafewa adathira nsinjiro zomwe adabwera nazo kumudzi ndi kamchere, navundikira kanthawi, kenaka n'kutakasa pang'ono. Adzukulu awo, omwe dzungu la kumudzi amalikana kuti n'lamitsitsi, adanyambita mbale. Amayi adalawa, natafuna mwakachetechete ngati oweruza mlandu.

"Kutsekemera ndiye likutsekemera," adatero. "Madzi lilibe ambiri. Koma kamodzi aka kangadyetse anthu angati? Nanga masamba ake adatsala kuti? Mwagula dzungu, ndiwo mwasiyira mwini munda."

Ndidalibe poyankha. Ndidangoona kuti nthanga zija sadataye. Adazitsuka, naziyanika panyuzipepala pawindo, ndipo tsiku lobwerera zidali pamfundo ya chitenje.

Ndidawachenjeza kuti mbewu zina za m'sitolo n'zahaibulidi, sizibereka zofanana ndi make, komanso kuti njuchi sizidziwa kusiyanitsa duwa la Massachusetts ndi duwa la ku Ntcheu, poti onsewo ndi moschata, zidzawakwatitsa basi. Iwo adati njuchizo zichite zimene zikufuna.

Chaka choyamba adakolola timaungu totuwa tofanana ndi ta m'sitolo, ndipo adatumiza tiwiri pabasi ndi uthenga woti taulere. Adasunganso mbewu. Chaka chathachi nditapita kumudzi pa Pasaka adanditengera kuseri kwa nkhokwe. Pamenepo padagona chidzungu chotalika ngati mkono wanga, cha khosi lopindika pang'ono, khungu lake la mawangamawanga obiriwira ngati la maungu a agogo. Atachidula, m'kati mudali mofiirira ngati dzuwa la madzulo. Theka adaphika tsiku lomwelo, theka linalo adagawira anansi atatu, aliyense ndi nthanga zake m'kapepala. Madzulo tidadya nsima ndi nkhwani wa mtengo womwewo.

Ndidawafunsa kuti tsono limeneli tizilitcha chiyani, la azungu kapena la makolo. Adali kalikiliki kusadzula masamba a mawa, ndipo sadadzutse n'komwe mutu.

"Ndi dzungu," adatero. "Tandipatsira lichero ilo."